Phokoso la makina okoka utuchi lingachepe popanda kuwazimitsa

Alimi a m'boma la Marávia akagulitsa chimanga, fodya ndi soya, ntchito ya akalipentala imachuluka. Wina akufuna chitseko cha nyumba imene wangofolera ndi malata, wina bedi, wina mafelemu a mawindo, ndipo makina amalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ku Fingoè, likulu la bomali, ngakhalenso m'misika ya ku Malowera, Chiputo ndi Chipera, malo a ntchito zamanja kawirikawiri amakhala pakati pa nyumba za anthu. Phokoso la mu ofisina ndi la mudzi wonse.

Mmisiri amene wakwanitsa kugula makina opalira matabwa ndi macheka oyendera magetsi kapena injini ya dizilo sachedwa kukumana ndi vuto la utuchi. Njira yake ndi makina okoka utuchiwo, amene pa Chipwitikizi amatchedwa colector de pó kapena aspirador, ndipo mmisiri wa zitsulo wodziwa kuwotcherera angathe kuwapanga. Utuchi umachepadi. Koma pamabwera kung'ung'udza kosalekeza kumene kumatopetsa mutu ndi kudanitsa munthu ndi anansi ake, moti chapafupi chimakhala kuwazimitsa n'kubwerera ku tsache.

Kuzimitsako n'kutaya zambiri chifukwa cha phindu lochepa. Mu 1995 bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika fumbi la matabwa pa gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya m'mphuno ndi m'mphako zozungulira mphuno. Fumbi la mitengo yolimba ndilo likutchulidwa kwambiri, ndipo mitengo imene amisiri a kuno amaikonda, monga mlombwa umene ena amautcha umbila, komanso chanfuta, ndi yolimba. Fumbi lomweli limayambitsa mphumu ndi ziwengo za pakhungu. Choncho funso loyenera si lakuti makinawa azigwira ntchito kapena ayi, koma lakuti azilira motani ndipo aikidwe pati.

Ndi m'bale wake wa chigayo

Aliyense amene anapitako ku chigayo anawaona kale makina okoka utuchi, kungoti sanawatchule choncho. Pambali pa chigayo pamakhala fani imene imakoka ufa n'kuukankhira mu paipi yokwera m'mwamba. Paipiyo imalowa mu chimgolo cha lata chosongoka kumunsi, mmene mphepo imazungulira ngati kamvuluvulu. Ufa, poti ndi wolemererapo, umagunda m'mbali n'kutsetserekera pansi mu thumba, mphepo n'kutulukira pamwamba. Makina a kalipentala amachita chimodzimodzi ndi utuchi. Ena ali nacho chimgolo chosongokacho, ena alibe ndipo amangokhala ndi matumba awiri, lansalu pamwamba losefa mphepo ndi lapansi losungira utuchi.

Phokoso lake limachokera malo angapo, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pali kulira kwa mapiko a fani pamene akudula mphepo. Mota yambiri ya makina otere imazungulira maulendo pafupifupi 2,900 pa mphindi pa magetsi a m'dziko muno, ndipo phiko lililonse likamadutsa pakamwa potulukira limamenya mphepo kamodzi. Pali mluzu wa mphepo yothamanga m'mapaipi. Pali kugunda kwa tizidutswa ta matabwa pa lata. Ndiye pali kunjenjemera, kumene kumatsikira m'miyendo ya makina n'kulowa m'khoma, m'mitengo ya denga mpaka m'malata. Denga la malata likayamba kunjenjemera limasanduka ng'oma, ndipo anthu a nyumba yachitatu amamva dengalo koposa makina enieniwo.

Masamu a phokoso

Phokoso limayezedwa ndi madesibelo. Anthu akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Bungwe la NIOSH la ku America, limene limafufuza za umoyo wa anthu pa ntchito, linaika malire pa madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku. Chovuta kuzolowera n'chakuti masamu ake sayenda ngati a ndalama. Phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, mphamvu yake yawirikiza kawiri, ndipo nthawi imene khutu lingapirire yadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha pa tsiku lonse.

Makina ang'onoang'ono okoka utuchi kawirikawiri amakhala pakati pa madesibelo 80 ndi 90 munthu akaima pafupi. Makina opalira ndi macheka ozungulira, thabwa lolimba likalowamo, amafika 100. Apa ndi pamene wozimitsa uja amadzinamiza. Phokoso la 100 likaphatikizana ndi la 88 silikhala 188, limangopitirira 100 pang'ono kwambiri, mosafika ndi desibelo imodzi yomwe. Kunena kwina, pamene thabwa likupalidwa, kuzimitsa makina okoka utuchi sikupulumutsa khutu ngakhale pang'ono, kumangodyetsa mapapo fumbi.

Komabe phokoso la makina okoka utuchi lili ndi kuipa kwakekwake. Macheka amalira n'kupuma, koma awa amalira tsiku lonse, ngakhale pa nthawi imene mmisiri akuyeza kapena kukhoma, imene khutu likanapumulako. Ndiponso mawu ake ndi a besi, ndipo mawu otere amadutsa makoma opyapyala n'kufika patali.

Wopanda chida choyezera ali ndi njira yachidule. Ngati anthu awiri otalikirana mita imodzi akuchita kukuwa kuti amvane, phokoso lafika 85 kapena kupitirira. Mapulogalamu a pa foni oyezera phokoso alipo. Salondola ngati zida za akatswiri, koma amathandiza kufananitsa: kuyeza pamalo amodzimodzi ntchito yokonza isanachitike ndiponso itachitika.

Zoyamba sizifuna ndalama

Makina amene ankalira bwino ali atsopano koma tsopano akugwedera, vuto lake nthawi zambiri lili pa fani. Utomoni ndi utuchi wonyowa zimamatirira pa mapiko mosafanana, kapena kachidutswa ka thabwa kamapinda phiko limodzi, fani n'kuyamba kulemera mbali imodzi. Pa liwiro lija, kulemera pang'ono kotere kumagwedeza makina onse ndipo kumadya mabelingi. Mmisiri azimitse makina, achotse waya kumagetsi, atsegule chivundikiro n'kupala mapiko onse mpaka atayera. Kenako azungulitse faniyo ndi dzanja kangapo. Ngati nthawi zonse ikuima phiko lomwelomwelo lili pansi, mbali imeneyo ndi yolemera ndipo ikufunika mmisiri wa zitsulo. Mabelingi amene akukukuta asinthidwe asanaphe mota. Mabawuti omasuka amangidwe, lamba wolendewera akungidwe, ndipo thumba lisamadikire kudzaza mpaka pakamwa. Utuchi wake sutayidwa: umayalidwa mu khola la nkhuku, ndipo ukasakanikirana ndi zitosi n'kuola umakhala manyowa. Wauwisi ukakwiriridwa m'munda umayamba walanda chakudya cha mbewu, chimanga n'kuchita chikasu.

Mipeni ya makina opalira ndi mano a macheka zikhalenso zakuthwa. Mpeni wobuntha umamenya thabwa m'malo molidula, ndipo umasokosa kwambiri.

Chachiwiri ndi kudula njira ya kunjenjemera. Makina asamangiriridwe ku khoma la malata kapena ku mzati umene wanyamula denga. Akhale pa konkire yawoyawo yolemera, ndipo pansi pa miyendo paikidwe zidutswa za matayala akale. Pamene paipi ikulumikizana ndi fani pasakhale chitsulo chokhudzana ndi chitsulo. Kachigawo kakafupi ka chubu cha tayala la lole, kapena ka tenti yolimba, komangidwa bwino mbali zonse ziwiri, kamalola mphepo kudutsa koma kamatsekereza kugwedera. Mapaipi a lata lopyapyala amene amalira ngati belu utuchi ukamagunda, akakulungidwa ndi malamba a chubu amangoti phuphuphu.

Mapaipiwo akhale aafupi ndi owongoka mmene zingathekere. Pokhota pasakhale kona yakuthwa, pakhote pang'onopang'ono. Paipi yaing'ono kuposa kamwa la fani imaliza mluzu ndipo imachepetsa mphamvu yokoka, chimodzimodzinso timabowo ta pa mfundo.

Mtunda ndi njerwa

Chinthu chimene chimachotsa phokoso lambiri pa mtengo wotsika ndi kutulutsa makinawo panja. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Makina amene akupereka 88 pa mita imodzi amakhala pa 82 pa mamita 2, pa 76 pa mamita 4, ndi pa 70 pa mamita 8. M'kati mwa nyumba ya malata masamu amenewa sagwira, chifukwa mawu amagunda makoma n'kubwerera, ndipo pa kona ndiye poipitsitsa. Pakonapo n'pamene ambiri amakonda kuika makina pofuna kusunga malo.

Kuwaika panja kuli ndi ubwino wina. Thumba lansalu limagwira utuchi waukulu, koma fumbi losalala kwambiri, limene ndilo limafika m'mapapo, limadutsa n'kubwerera mu mpweya. Makina akakhala kunja kwa khoma, fumbilo silibwereranso kwa antchito. Koma kotulukira mphepo kusaloze pa khomo la mnansi, pa chitsime, kapena pamene amayi amayanika ufa ndi mphale.

Panja pokha sipakwanira ngati nyumba za anthu zili pafupi. Apa mpofunika kanyumba ka makinawo, ndipo mpamene ambiri amawonongera ndalama pa zinthu zosathandiza. Kutsekereza phokoso ndi kumeza phokoso ndi ntchito ziwiri zosiyana. Chimene chimatsekereza mawu kuti asadutse ndi kulemera kwa khoma. Khoma likalemera kawiri, phokoso lodutsa limatsika ndi madesibelo 5 kapena 6. Motero njerwa zootcha zopakidwa pulasitala, ngakhale zidina zochindikala zomatidwa bwino ndi dothi, zimaposa kutali lata kapena thabwa lopyapyala. Zinthu zofewa monga mabulangete akale zimangomeza mawu amene akubwerezabwereza m'kati mwa chipinda, sizingalowe m'malo mwa khoma. Nanga matileyi a mazira aja, amene anthu amakhoma m'makoma poona kuti akufanana ndi za mu situdiyo ya wayilesi? Ndi pepala chabe. Satsekereza kanthu, amangosunga fumbi ndi kudikira moto.

Mdani wa kanyumba ndi mpata. Ngati gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a khoma lili pululu, khomalo silingachotse madesibelo oposa 20, ngakhale litachindikala motani. Mpata wa pansi pa chitseko, wa pakati pa khoma ndi denga, ndi wozungulira paipi, yonse imatidwe. Chitseko chikhale cha matabwa ochindikala, chokhala ndi lamba wa chubu m'mphepete kuti chizitseka thinathina. Kwa kalipentala imeneyi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Pansi pa malata a denga pakhale siling'i ya matabwa, apo ayi phokoso lonse lidzatulukira pamwamba.

Tsono mphepo yonse imene fani ikukoka iyenera kutuluka, ndipo mota iyenera kupuma. Kanyumba kotsekedwa kotheratu kamafooketsa makina ndipo kamapsereza mota, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene chigawo cha Tete chimatentha koopsa. Njira yake ndi khomo la mphepo lokhotakhota. Pa khoma pasiyidwe zenera, kutsogolo kwake pamangidwe kakhoma kena kotchinga, kuti mphepo izikhota kawiri isanatuluke ndipo munthu woima panja asathe kuona makina kudzera pamenepo. Mphepo imakhota mosavuta, koma mawu amataya mphamvu pa kukhota kulikonse, makamaka ngati m'njiramo mwayalidwa chinthu chofewa. Kukula kwa njirayo kukhale kosachepera kawiri kukula kwa paipi yolowa. Mmisiri aziyesa mota ndi dzanja pa masiku oyamba. Ngati ikutentha koposa kale, ndiye kuti mpweya ukuchepa.

Makina okhala ndi chimgolo chosongoka amatulutsa mphepo pa paipi imodzi, ndipo phokoso lambiri limatulukira pomwepo. Pamenepo pangaikidwe chophera mawu chofanana ndi cha pa ekizozi ya galimoto. Pakati pamakhala paipi yoboolaboola kapena ya waya wa sefa, yofanana kukula ndi yotulukira mphepo. Kunja kwake kumakhala mgolo waukulupo, ndipo mpata wa masentimita 5 kapena kuposerapo pakati pa ziwirizi umadzazidwa ndi zofewa. Chabwino ndi ubweya wosapsa umene amaika m'madenga, wotchedwa lã de vidro kapena lã de rocha. Kutalika kwa mita imodzi kumamveka kale kusintha. Njira ya pakati isachepetsedwe ngakhale pang'ono, ndipo iziyang'anidwa kuti fumbi lisaunjikane.

Pa makina oyendera lamba pali chinyengo china. Liwiro la fani likachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 5, posintha kukula kwa gudumu la lamba, phokoso la fani limatsika ndi madesibelo pafupifupi 5. Koma kuti utuchi uyende osagona m'njira, mphepo iyenera kuthamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi. Ikachepa, utuchi umakhazikika mu paipi mpaka kutseka. Fani yaikulu yozungulira pang'onopang'ono imakhala chete kuposa yaing'ono yothamanga, ndipo amene akuwotcheretsa makina atsopano achita bwino kukambirana zimenezi ndi mmisiri wake chitsulo chisanadulidwe.

Moto ndi utsi

Fumbi la matabwa louma likakhala lambiri mu mpweya limayaka mwadzidzidzi ngati petulo. Msomali umodzi wokokedwa pansi ukagunda fani yachitsulo umatulutsa timoto tothetheka, ndipo kamoto kotere kangathe kunyeka mwakachetechete mu thumba mpaka usiku. N'chifukwa chake makinawa sayenera kusesera pansi pamene pali misomali, ndipo chonolera mipeni sichiyenera kulumikizidwa ku paipi yomweyo. Thumba likhuthulidwe madzulo aliwonse. Siponji ya matiresi, udzu ndi masaka a pulasitiki zisayalidwe pafupi ndi mota kapena waya wa magetsi. Siponji imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha.

Kumene magetsi a EDM sanafike, makina amayendera jenereta kapena injini ya dizilo, ndipo injiniyo ingathe kusokosa kuposa makina okoka utuchi. Nayo imafuna ekizozi yosabooka, matayala pansi ndi khoma lotchinga. Koma isaikidwe mu kanyumba kamodzi ndi matumba a utuchi, ndipo utsi wake utulukire panja kutali ndi anthu. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha munthu m'chipinda chotseka. Eni zigayo angatenge malangizo onsewa mmene alili, popeza fani, paipi, chimgolo ndi injini ndi zomwezo.

Khutu silimeranso

Ngakhale zonsezi zitachitika, macheka ndi makina opalira adzakhalabe pa 100, ndipo mmisiri amaima pomwepo. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, mmene muli timaselo tokhala ngati titsitsi, pafupifupi 16,000 pa khutu lililonse. Phokoso lalikulu limatifooketsa, kenako limatipha, ndipo tikafa sitimeranso. Kuwonongekaku sikupweteka. Kumayamba ndi mawu opyapyala, moti munthu amamva kuti wina akulankhula koma osagwira mawu ake, makamaka pa msika, pa maliro kapena m'tchalitchi. Amayamba kudandaula kuti ana a masiku ano amalankhulira m'kamwa. Makutu akamalira okha madzulo poweruka, kapena akamamveka ngati mwalowa madzi, ndi chizindikiro chakuti phokoso la tsikulo linapitirira muyezo. Mmisiri amene akunyadira kuti anazolowera phokoso, nthawi zambiri ndiye kuti ugonthi wayamba.

Zotsekera m'makutu zasiponji n'zotsika mtengo poyerekeza ndi lamba mmodzi wa makina, ndipo zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira. Opita mumzinda wa Tete kapena kuwoloka malire kupita ku Zambia angagule zambiri nthawi imodzi. Kavalidwe kake ndi kofunika. Siponjiyo ipotedwe ndi zala zoyera mpaka itachepa, khutu likokedwe m'mwamba ndi dzanja la mbali inayo, ilowetsedwe bwino n'kugwiridwa kanthawi kuti ifufume. Yongopachikidwa pakhomo pa khutu siteteza. Zovala kumutu zokhala ngati mahedifoni sizivuta kuvala ndi manja afumbi, malinga ngati mphira wake sunaume. Thonje, ngakhale lili lambiri m'minda, limachotsa phokoso lochepa kwambiri ndipo limangopatsa munthu chikhulupiriro chabodza. Mahedifoni a nyimbo amawonjezera vuto.

Lamulo la ntchito la dziko la Mozambique, Lei 13/2023, limapereka kwa olemba ntchito udindo woteteza umoyo wa antchito awo ndi kuwapatsa zodzitetezera pamene zikufunika. Mnyamata wophunzira ntchito, amene amaima kolandirira thabwa tsiku lonse, ndiye amamva phokoso lofanana ndi la bwana wake, ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti alimve. Ana obweretsa chakudya asamachedwe pafupi ndi makina, ndipo mayi wobereka mwana kumsana adikirire patali, kaya ndi ku ofisina kaya ndi ku chigayo. Amene makutu ake akulira osaleka, kapena waona kuti khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, apite ku chipatala chapafupi mosazengereza. Azaumoyo angaone ngati vuto ndi phula lotseka khutu kapena matenda ochiritsika, ndipo ngati pakufunika kuyeza kwapadera angamutumize ku chipatala chachikulu cha chigawo mumzinda wa Tete.